Momwe mungafikitsire katundu wanu pamaso pa ogula pa Etsy ndi misika ina ya pa intaneti

Wogulitsa aliyense pamsika wa Limbe amadziwa kuti benchi la pafupi ndi chipata limaona ndalama msanga kuposa la kumapeto kwa mzere, ngakhale katundu atakhala yemweyo pa mtengo umodzimodzi. Pamsika wa pa intaneti, chipata ndi kabokosi kofufuzira kamene kamakhala pamwamba pa tsamba. Wogula amalembamo mawu awiri kapena atatu, makina a msikawo n'kumuyalira katundu motsatana, ndipo anthu ambiri amasankha pakati pa zimene zawafikira m'maso koyamba, osavutikanso kutsegula tsamba lachitatu kapena lachinayi. Kusiyana kwake n'kwakuti benchi la pa intaneti silikhala la munthu mmodzi mpaka kalekale. Limagawidwa mwatsopano nthawi iliyonse wina akafufuza, ndipo zambiri mwa zimene makinawo amayang'ana pogawa zili m'manja mwa wogulitsa mwiniwake.

Ndifotokoza nkhaniyi potengera Etsy, msika umene unayamba mu 2005 ku Brooklyn mu mzinda wa New York, womwe umalandira zinthu zopangidwa pamanja, zinthu zakale zimene zatha zaka 20 kapena kuposerapo, komanso zipangizo za ntchito zamanja monga nsalu ndi mikanda. Ndausankha chifukwa ndi kumene munthu wa kwathu wokhala ku Britain kapena ku South Africa, mayiko amene ali pa mndandanda wa Etsy Payments, njira imene Etsy imalipirira ogulitsa ake, angagulitseko zikwama, maapuloni kapena zovala za ana zosokedwa ndi chitenje, komanso chifukwa kampaniyi inalemba poyera mfundo zikuluzikulu zimene imatsata posanja katundu. Misika inanso imafotokoza zake, ndipo ku Ulaya imatero molamulidwa: lamulo la European Union la nambala 2019/1150, limene linayamba kugwira ntchito pa 12 July 2020, limafuna kuti misika ya pa intaneti iziuza ogulitsa zinthu zazikulu zimene zimakweza kapena kutsitsa katundu pa mndandanda. Choncho musanapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kukuululirani chinsinsi cha makinawa, yambani mwawerenga zimene msikawo walemba wokha m'buku lake la ogulitsa, pakuti n'zaulere ndipo ndi kumene kumachokera zambiri zimene ogulitsa maphunziro amangobwereza.

Zipata ziwiri zimene katundu amadutsa

Kufufuza pa Etsy kumayenda m'magawo awiri, ndipo wogulitsa amene sawasiyanitsa amataya miyezi akukonza pamene sipanawonongeke. Gawo loyamba ndi losonkhanitsa. Wogula akalemba mawu, makina amatola katundu yense amene mawuwo akupezeka m'mutu wake, m'matagi ake (timawu tofufuzira timene wogulitsa amamata pa katundu), m'gulu limene anaikidwa, m'zizindikiro zake monga mtundu ndi kukula, ngakhalenso m'mawu omufotokoza. Katundu amene sanatoledwe pa gawoli ndiye kuti kwa wogulayo kulibe, kaya ndi wokongola chotani. Gawo lachiwiri ndi losanja. Pakati pa zikwi za katundu wotoledwa uja, makina amasankha woyamba, wachiwiri mpaka wotsiriza poyesa kulosera amene wogulayo angadine ndi kugula. Pano amayang'ana mmene mawu akugwirizanirana ndi zimene zafunsidwa, mmene ogula am'mbuyomu anachitira ataona katunduyo, mbiri ya shopu posamala makasitomala, mtengo wotumizira, nthawi imene katunduyo waikidwa, ndiponso zizolowezi za wogula mwiniyo.

Mfundo yotsirizayi ikutanthauza kuti anthu awiri olemba mawu amodzimodzi sangaone mndandanda wofanana. N'chifukwa chake kufufuza katundu wanu pa foni yanu kuti mudziwe pamene muli n'kudzinamiza, popeza makina akudziwa kale kuti inu mumatsegula shopu yanu kawirikawiri.

Lembani mawu a wogula, musalembe anu

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa ndi pamene anthu athu amaphonya kwambiri, ndipo amaphonya pa chifukwa chomveka. Nsalu imene ife timaitcha chitenje, ku Tanzania ndi ku Kenya amati kitenge, ku Mozambique amati capulana, ku Nigeria amati ankara, pomwe wogula wa ku Manchester kapena ku Atlanta amene sanafikepo ku Africa amangolemba "African print" kapena "wax print". Mukasoka chikwama n'kuchipatsa mutu wakuti "Chitenje bag" basi, mwadzitsekera m'kachipinda kamene amalowamo okhawo odziwa liwu la chitenje, omwe ambiri a iwo ndi a Malawi ndi a Zambia, ndipo ambiri a iwowa ali ndi wachibale wowabweretsera nsaluyo kuchokera kumudzi. Sindikunena kuti mulitaye liwuli, pakuti ndi lathu ndipo likunena zoona za kumene nsaluyo imavalidwa. Komanso amene amalilemba amakhala akudziwa bwino chimene akufuna, ndipo opikisana nanu pa liwulo ndi ochepa. Chimene ndikunena n'chakuti liyendere limodzi ndi mawu enawo.

Njira yodziwira mawu a ogula ndi yosavuta. Tsegulani msikawo musanalowe mu akaunti yanu, yambani kulemba "african print" m'kabokosi, kenako yang'anani mawu amene makina akukumalizirani okha, chifukwa amenewo amachokera ku zimene anthu akhala akufufuza. Alembeni m'kope. Chitani chimodzimodzi ndi "ankara", "kitenge" ndi "wax print", ndiponso ndi dzina la chinthucho palokha, monga "tote bag" kapena "makeup bag". Mukatero ganizirani za amene amagulira wina, popeza katundu wambiri wa pa Etsy amagulidwa ngati mphatso, ndipo munthu wofuna mphatso ya mphunzitsi wa mwana wake salemba dzina la nsalu ayi, amalemba za mphunzitsiyo.

Mutu wa katundu pa Etsy umaloledwa kufika zilembo 140, koma pa foni, pamene ambiri amagulira masiku ano, amaoneka ndi mawu ochepa oyambirira okha. Ikani kumayambiriro dzina la chinthucho monga mmene wogula angachitchulire, kenako chimene chimachisiyanitsa ndi zina, monga mtundu wake, zipi kapena thumba la m'kati. Kale ogulitsa ankadzaza mutu wonse ndi mawu obwerezabwereza olekanitsidwa ndi makoma, koma tsopano Etsy imalimbikitsa mitu yaifupi yowerengeka, ndipo ine ndikugwirizana nazo pa chifukwa china chapadera: mutu wodzaza umaoneka ngati wa munthu wogulitsa katundu wa fakitale, pomwe inu mphamvu yanu yagona pa kuoneka kuti chinthucho chinadutsa m'manja mwa munthu.

Mawu otsalawo malo awo ndi m'matagi. Katundu aliyense amapatsidwa matagi 13, ndipo tagi iliyonse siipitirira zilembo 20. Dzazani onse, chifukwa tagi yosiyidwa ndi khomo lotseka. Lembani timagulu ta mawu awiri kapena atatu m'malo mwa liwu limodzi, popeza liwu lakuti "bag" lokha likuponyani pakati pa katundu wosawerengeka, pomwe "ankara tote bag" ikuikani pakati pa ochepa amene akugulitsadi zofanana ndi zanu. Musawononge matagi pobwereza mawu amodzimodzi m'njira zisanu, kapena polemba liwu limodzi mwaumodzi ndi mochulukitsa, pakuti makina amatha kuzindikira tsinde la liwu. Musawonongenso pobwereza zimene mwasankha kale m'gulu ndi m'zizindikiro, chifukwa zimenezo zimawerengedwa ngati matagi pazokha. N'chifukwa chake posankha gulu muyenera kutsika mpaka kagulu kotsiriza kamene kalipo, ndiponso kudzaza mabokosi onse a mtundu, kukula ndi mwambo umene chinthucho chingagwirepo ntchito. Wogula akasefa zotsatira kuti aone zobiriwira zokha, katundu wobiriwira amene mwini wake sanadzaze bokosi la mtundu amatsala kunja.

Ngati muli ndi zikwama khumi zofanana kapangidwe, musazipatse matagi amodzimodzi zonse. Mukatero zimapikisana zokhazokha pa khomo limodzi, pomwe zikanatha kuimirira pa makomo osiyanasiyana, china pa mawu a mphatso, china pa mawu a chikwama cha kuntchito, china pa mawu a kunyanja.

Wogulitsa nsalu yosasoka asamalenso muyezo. Kwathu munthu amangoti chitenje chimodzi ndipo tonse timamva, koma osoka a ku Britain ndi ku America amafufuza nsalu ya pa yadi, ya mayadi 6 athunthu monga mmene nsalu za wax zimabwerera, kapena kachidutswa kamene osoka zofunda za zigamba amakatcha "fat quarter". Lembani muyezo umene mukugulitsa m'mawu amenewo. Matagi onse alembedwe m'chinenero chimene munasankha potsegula shopu, chifukwa Etsy imamasulira yokha kwa ogula a zinenero zina, ndipo kusakaniza zinenero m'matagi kumasokoneza kumasulirako.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchenjezani mwamphamvu. Musalembe dzina la kampani imene sinapange katundu wanu pofuna kukolera ogula ake. Vlisco, mwachitsanzo, ndi kampani ya ku Helmond m'dziko la Netherlands imene nsalu zake zimafunidwa ndipo n'zodula, kotero wina angakopeke kuika dzinalo m'matagi a nsalu wamba. Mwini dzina akadandaula, katunduyo amachotsedwa, ndipo madandaulo akabwerezedwa shopu yonse ingathe kutsekedwa. Ngakhale pasanafike pamenepo, wogula wodziwa nsalu adzazindikira akangoigwira, n'kuibweza pamodzi ndi ndemanga yoipa. Momwemonso, ngati zikwamazo amakusokerani telala wa ku Lilongwe potsata kapangidwe kanu, malamulo a Etsy amafuna kuti mumutchule ngati wopanga naye, ndipo kutero sikuchotsa ulemu wa katundu wanu.

Malonda ndi m'maso

Mawu akakulowetsani pa mndandanda, amene amakukwezani kapena kukutsitsani ndi ogula. Makina amakumbukira kuti katundu wanu anaonetsedwa kangati, anadinidwa kangati, anaikidwa kangati pa zokondedwa kapena m'basiketi, ndipo anagulidwa kangati. Katundu amene amaonetsedwa kambirimbiri koma anthu n'kumangomudutsa amayamba kutsika pa mawu amenewo, chifukwa msika umapeza ndalama pokhapokha malonda achitika, ndipo sungapitirize kupereka benchi la pachipata kwa amene sakugulitsa. Apa ndi pamene pamaonekera kuopsa kwa tagi yabodza kapena yotakata kwambiri: imakuonetsani kwa anthu amene sakufuna zanu, iwo n'kukudutsani, makina n'kulemba kuti katundu wanu sakopa.

Chimene wogula amaona pa mndandanda ndi kachithunzi kakang'ono, mtengo, nyenyezi zimene ogula apatsa shopu m'ndemanga zawo ndi mawu ochepa a mutu. Pa zonsezi chithunzi choyamba ndicho chimagwira ntchito yaikulu. Nsalu za chitenje zili ndi mitundu yowala ndi maluwa ochuluka, choncho zimafuna kumbuyo kopanda zambiri, monga khoma loyera kapena thabwa losalala. Kuzijambulira pa bedi loyalidwa nsalu ina ya maluwa kumameza chinthucho. Jambulani masana pafupi ndi windo, osayatsa fulashi, ndipo chinthucho chikhale pakati n'kudzaza chithunzi, pokumbukira kuti makina amadula m'mbali pochepetsa. Mukamaliza, chepetsani chithunzicho pa foni mpaka chifanane ndi bokosi la machesi, ndipo ngati simungathe kuzindikira msanga kuti ndi chikwama, jambulaninso.

Zithunzi zotsatira ntchito yake ndi kuyankha mafunso amene wogula akanafunsa akanakhala pa benchi panu. Muonetseni m'kati mwa chikwama, msoko wa pa chogwirira, zipi, ndiponso munthu atachikoleka paphewa kuti kukula kwake kudziwike. Musakometse mitundu ndi mapulogalamu mpaka kusiyana ndi nsalu yeniyeni, chifukwa phindu la kudina kumene mwapeza lero lidzabwezedwa ndi katundu wobwerera mawa. Ngati maluwa a nsalu amagwa mosiyana pa chikwama chilichonse malinga ndi pamene mwadula, nenani zimenezo m'mizere yoyambirira ya mawu ofotokoza.

Pa mtengo, yang'anani katundu wofanana ndi wanu amene ali pa tsamba loyamba kuti mudziwe pamene ogula azolowera, koma musathamangire kutsika pansi pa onse. Werengani kaye zimene msika umadula: masenti 20 a dola ya America poika katundu aliyense kwa miyezi inayi, 6.5 peresenti ya ndalama zonse za malonda kuphatikizapo zotumizira, imene inakwera kuchoka pa 5 peresenti mu April 2022, ndiponso ndalama ya kayendetsedwe ka malipiro yomwe imasiyana malinga ndi dziko. Kukhala pamwamba pa mndandanda mukugulitsa modya mpamba ndi njira yachangu yotsekera shopu.

Kutumiza ndi kusunga lonjezo

Mtengo wotumizira umalowa m'masanjidwe mwachindunji. Mu 2019 Etsy inayamba kukondera, pa zofufuza za ogula a ku America, mashopu amene amatumiza mwaulere katundu wa madola 35 kapena kuposerapo. Kutumiza kwaulere kulibe kwenikweni, popeza positi imalipidwa ndithu. Chimene ogulitsa amachita ndi kulowetsa ndalamayo, yonse kapena gawo lake, m'mtengo wa katundu. Pa katundu wopepuka monga ndolo, nduwira kapena kachikwama ka ndalama, zimenezi zimatheka bwino. Pa dengu lalikulu lopita kutsidya la nyanja sizitheka, ndipo ndi bwino kulemba mtengo woona wotumizira kusiyana ndi kudzipweteka pofuna kusangalatsa makina.

Malo amene katundu akuchokera nawonso ali ndi gawo, chifukwa ogula ambiri amasefa kuti aone mashopu a m'dziko lawo okha pofuna kulandira msanga ndi kupewa msonkho wa pa malire. Ichi ndi chifukwa chenicheni chimene banja limene limasokera kumudzi limapindulira likatumiza katundu wambiri nthawi imodzi kwa wachibale wa ku Britain kuti iye azitumiza mmodzimmodzi kuchokera kumeneko. Polemba masiku okonzera katundu, lembani amene mungakwanitse pa sabata yoipa, pamene mwana wadwala kapena ntchito yakuchulukirani, chifukwa tsiku limene makina auza wogula limasanduka lonjezo lanu, ndipo kuchedwa kulikonse kumalembedwa.

Ndemanga ndi mbiri ya shopu

Katundu aliyense amanyamula mbiri ya shopu yonse. Ndemanga zabwino, tsamba lofotokoza za eni shopu lodzazidwa bwino, ndi malamulo omveka a kabwezedwe ka katundu zimathandiza. Milandu imene ogula atsegula ndi madandaulo a kuba dzina kapena luso la ena zimatsitsa. Chizindikiro cha Star Seller, chimene Etsy imapatsa ogulitsa osamala bwino makasitomala ndipo chinayamba mu 2021, chimapatsa chithunzi cha muyezo umene msikawu umafuna: kuyankha 95 peresenti ya mauthenga oyamba pasanathe maola 24, kutumiza 95 peresenti ya katundu pa nthawi yake ndi nambala yolondolera, ndiponso kukhala ndi nyenyezi zosachepera 4.8 mwa zisanu pa miyezi itatu. Kuyankha msanga ndiko kosavuta pa zonsezi ndipo sikulira ndalama. Ikani pulogalamu ya ogulitsa pa foni, ndipo ngakhale yankho lenileni mulibe, lembani kuti uthenga mwaulandira ndipo muyankha madzulo.

Shopu yatsopano imakumana ndi vuto lodziwika: popanda ndemanga anthu amaopa kugula, ndipo popanda ogula ndemanga sizibwera. Apa mayesero ogula ndemanga, kapena kupempha abale kuti ayerekeze kugula n'kuwabwezera ndalama kumbali, amakhala aakulu. Musatero. Mu 2021 Amazon inachotsa makampani akuluakulu a ku China monga Aukey ndi Mpow pa nkhani ya ndemanga zolipidwa, ngakhale kuti ankagulitsa katundu wochuluka kwambiri. Mu 2024 bungwe la Federal Trade Commission ku America linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza, ndipo ku Britain lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act la chaka chomwecho linaletsanso mchitidwewu. Njira yoyera ilipo, ngakhale ndi yochedwerapo. Uzani anthu amene amagula kale kwa inu kutchalitchi, kuntchito kapena pa WhatsApp kuti tsopano angathe kugulira pa shopuyo, ndipo agule chimene akufunadi ndi ndalama zawo. Ikanimo katundu wotsika mtengo amene munthu angayese popanda mantha. M'phukusi ikanimo kakalata kothokoza kolemba pamanja, kopempha maganizo awo popanda kulonjeza mphatso posinthana ndi nyenyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndemanga khumi zoona zimakhalitsa kuposa zana zogula.

Ndemanga yoipa ikabwera, lankhulani kaye ndi wogulayo mseri ndi kukonza cholakwikacho. Mukasankha kuyankha poyera, kumbukirani kuti mukulembera ogula a mawa amene adzawerenge, choncho nenani mwachidule chimene chinachitika ndi chimene munachitapo.

Za katundu watsopano sindichulukitsa. Amapatsidwa kampata kakang'ono koonekera pamwamba kwa kanthawi kuti makina aone mmene anthu amulandirire, ndipo katundu woikidwanso mwatsopano amalandirako pang'ono. Ena amalipira masenti 20 tsiku ndi tsiku pofuna kampata kameneka, koma ndalamazo zimapindula kwambiri mukaziika pa katundu watsopano weniweni, woikidwa mmodzi kapena awiri pa sabata m'malo mothira onse tsiku limodzi.

Kuwerenga manambala a shopu yanu

Tsamba la Stats mu Shop Manager, gawo la Etsy loyendetsera shopu yanu, limaonetsa anthu amene afika, kumene achokera, mawu amene analemba, ndi gawo la iwo amene agula. Manambalawa amakuuzani pamene pali bala. Ngati katundu sakufikiridwa n'komwe kuchokera ku zofufuza, vuto lili pa chipata choyamba, ndipo mankhwala ake ndi mutu, matagi ndi gulu. Ngati akuoneka koma sakudinidwa, yang'anani chithunzi choyamba ndi mtengo poyerekeza ndi oyandikana nawo. Ngati akudinidwa koma osagulidwa, ndiye kuti wogula analowa n'kupeza chomubweza, ndipo kawirikawiri chimakhala mtengo wotumizira umene wauona mochedwa, masiku ochuluka odikira, muyezo wosalembedwa kapena zithunzi zosayankha funso lake.

Tiyerekeze kuti zikwama ziwiri zalandira alendo 200 chilichonse pa mwezi, china n'kugulidwa kasanu ndi kamodzi, chinacho kamodzi kokha. Choyambacho musachikhudze, ngakhale mutaganiza kuti mutu wake ungakome koposa, chifukwa mawu amene chikupezekera ndi amene akubweretsa ndalama. Chachiwiricho ndicho chofuna ntchito, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba tsiku m'kope, n'kudikira milungu ingapo musanaweruze. Mukasintha chithunzi, mtengo ndi matagi tsiku limodzi, malonda akakwera kapena kutsika simudzadziwa chimene chachititsa. Poyerekeza miyezi, kumbukirani nyengo: January sangafanane ndi November, choncho muyezo wabwino ndi mwezi womwewo wa chaka chatha.

Nthawi yolipira malonda otsatsa

Malo ena a pamwamba pa mndandanda ndi ogulidwa, ndipo amalembedwa kuti ndi otsatsa. Pa Etsy Ads mumaika malire a ndalama za pa tsiku ndipo mumalipira munthu akadina, kaya agula kaya sagula. Apa pali mfundo imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse pa nkhani ya ndalama: kutsatsa kumangochulukitsa anthu ofika, sikusintha zimene amachita akafika. Katundu amene anthu 200 anamuona n'kumusiya adzasiyidwanso ndi ena 200 amene mwawalipirira. Choncho tsatsani katundu amene wasonyeza kale kuti amagulidwa, yambani ndi ndalama yochepa, ndipo werengani phindu mutachotsa zonse. Ngati chikwama chimakusiyirani mapaundi 8 ndipo pamafunika madinidwe okwana mapaundi 10 kuti chimodzi chigulidwe, zimitsani.

Palinso Offsite Ads, pamene Etsy imatsatsa katundu wanu pa Google, Facebook ndi malo ena, n'kudula gawo pokhapokha malonda atachitika. Shopu imene yagulitsa zosakwana madola 10,000 pa miyezi 12 imadulidwa 15 peresenti ndipo ili ndi ufulu wotulukamo, pomwe yopitirira pamenepo imadulidwa 12 peresenti ndipo singatulukemo. Ganizirani zimenezi poika mitengo kuyambira pachiyambi.

Mukapita ku eBay, Amazon kapena Takealot

Maziko ndi omwewo, koma kulemera kwa zinthu kumasiyana. Pa eBay mutu ndi wa zilembo 80 zokha, masanjidwe ake amatchedwa Best Match, ndipo mabokosi a tsatanetsatane wa katundu, monga kampani yopanga, saizi ndi mmene alili, ndi ofunika kwambiri chifukwa ogula zovala ndi zipangizo amasefa kwambiri. Pa Amazon pali kusiyana kwakukulu: ogulitsa onse a chinthu chimodzi amagawana tsamba limodzi, ndipo mpikisano umakhala wa amene alandire batani logulira, lodziwika kuti Buy Box. Amene walipeza amatenga malonda ambiri a tsambalo, ndipo limaperekedwa poyang'ana mtengo, liwiro lotumizira, kupezeka kwa katundu ndi mbiri ya wogulitsa, amene ayenera kusunga maoda odandaulidwa pansi pa 1 peresenti. Takealot ya ku South Africa nayo ili ndi batani lotere, ndipo Amazon inatsegula msika wake m'dzikolo mu May 2024.

Ndi bwino kudziwanso kuti misika imene imagulitsa katundu wakewake pambali pa wa ogulitsa ena yakhala ikufunsidwa ngati imasanja mwachilungamo. Mu December 2022 European Commission inavomereza malonjezo a Amazon oti izichitira ogulitsa onse mofanana posankha wolandira Buy Box, ndipo mu July 2023 bungwe la Competition Commission ku South Africa linatulutsa lipoti la kafukufuku wake wa misika ya pa intaneti, limene linakhudzanso Takealot. Kwa wogulitsa wamng'ono, phunziro lake ndi la kasankhidwe ka katundu: chinthu chimene ogulitsa makumi awiri ali nacho chimakuikani pa mpikisano wa mtengo ndi a mpamba waukulu, pomwe chinthu chimene mumapanga nokha chimakhala ndi tsamba lakelake.

Pomaliza, pa Etsy katundu wa Khrisimasi ayenera kukhala ataikidwa pofika September, kuti pamene ogula akuchuluka mu November akhale atasonkhanitsa kale madinidwe, malonda ndi ndemanga zomukweza. Nsalu, mazipi ndi mapepala okutira zigulidwe nthawi yomweyo, chifukwa katundu akatha pakati pa nyengo amachoka pa mndandanda pa masiku amene anthu akugula kwambiri. Ngati mukukonzekera ulendo wa kumudzi mu December, sankhani msanga pakati pa kusiyira munthu wodalirika ntchito yotumiza ndi kuika shopu pa tchuthi, podziwa kuti nthawi yonse ya tchuthiyo katundu wanu saoneka pa zofufuza, ndipo lembani pa tsamba la shopu tsiku lotsiriza lolandira maoda ofika Khrisimasi isanakwane.